Leonardo, Bruno ndi Mfumukazi Elizabeth pa Ntchito Yosaka Akupha: Ndani Anaposa Anzake?

M'mizinda ya ku Ulaya ya m'zaka za m'ma 1500 munalibe munthu wolembedwa ntchito yofufuza milandu monga a CID amene tikuwadziwa lero. Alonda analipo, oweruza analipo, onyonga anthu nawo sankasowa. Koma wapolisi woti afike pamene pagona mtembo, aunike bala, afunse mboni ndi kulondola wakuphayo mpaka kumugwira, anadzabwera mochedwa kwambiri: ku Paris nthambi yotere inayamba mu 1812, ku London mu 1842. Kale lonselo, munthu akamuganizira mlandu waukulu, m'maiko ambiri njira yachidule inali kumuzunza mpaka avomere. Ku Florence ankaika mabokosi m'malo odutsa anthu kuti aliyense aponyemo kalata yoneneza mnzake popanda kulembapo dzina lake.

Imeneyi ndi nyengo yotchedwa Renaissance, imene inayambira m'mizinda ya ku Italy m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 n'kufalikira mpaka ku England ndi ku Spain. Inali nyengo ya ojambula zithunzi, alakatuli, makina osindikizira mabuku, ndi anthu amene anayamba kukhulupirira zimene maso awo aona kuposa zimene akuluakulu anena. Inalinso nyengo ya chiphe, mipeni ndi ziwembu za m'nyumba zachifumu. Olemba nthano zazitali za milandu yakupha anatenga anthu enieni a nthawiyo, ena otchuka dziko lonse, n'kuwaikira mtembo pakhomo kuti apeze amene wapha. Mabuku otere achuluka moti tsopano tingathe kufunsa kuti woyamba ndani, waudindo waukulu ndani, watsoka kuposa onse ndani. Ndikawaika pa sikelo ndimapeza kuti kutchuka sikuthandiza kwenikweni. Ofufuza amene amandigwira mtima ndi aja amene iwo eni anaimapo pamaso pa woweruza, kapena amene mbiri yawo ili ndi zaka zimene palibe akudziwa komwe anali.

Ulemu woyambitsa umapita kwa mayi wa ku America, Lillian de la Torre, amene mu 1943 anayamba kulemba nkhani zazifupi zosandutsa Samuel Johnson, mlembi wa dikishonale yotchuka ya Chingerezi, kukhala wofufuza milandu. Johnson ndi wa m'zaka za m'ma 1700, choncho si wa Renaissance, koma njira anailambula ndi mayiyu. Mmodzi mwa oyamba kuidutsa ndi anthu a Renaissance anali Theodore Mathieson, amene nkhani zake zinkatuluka m'magazini ya Ellery Queen kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kusonkhanitsidwa m'buku la The Great Detectives mu 1960. M'menemo muli Leonardo da Vinci, muli Miguel de Cervantes mlembi wa Don Quixote, ndipo kwa ife amene dzina la Livingstone tinakula nalo, mulinso nkhani imene Livingstone ndi Stanley akufufuza mlandu. Mathieson ankafuna kuti aliyense apeze wakupha pogwiritsa ntchito luso limene anatchuka nalo, osati nzeru za apolisi amakono. Ambiri obwera pambuyo pake sanasamale za lamulo labwinoli.

Amene wapatsidwa ganyu imeneyi ndi alembi ambiri kuposa wina aliyense mwa amene nditchule ndi Leonardo da Vinci, amene anabadwa mu 1452 n'kumwalira ku France mu 1519. Mathieson atamuyamba, George Herman anamutenga mu 1994 m'buku la A Comedy of Murders, momwe akuthandizana ndi mnyamata wamfupi msinkhu dzina lake Niccolò da Pavia. Mu 2000 Guillaume Prévost wa ku France anamuika ku Roma m'chaka cha 1514, akusaka munthu wopha anthu motsatizana. Diane Stuckart analemba mabuku atatu pakati pa 2008 ndi 2010. Loyamba, The Queen's Gambit, likuyamba ndi masewero a tchesi oseweredwa ndi anthu amoyo pabwalo la Ludovico Sforza, wolamulira Milan, ndipo mmodzi wa osewerawo akupezeka ataphedwa. Wofotokoza nkhaniyo ndi mtsikana amene wadzibisa ngati mnyamata kuti aphunzire kujambula. Kenako Michael Ennis mu 2012, ndi Marco Malvaldi wa ku Italy mu 2018. Amenewo ndi alembi asanu ndi mmodzi ochokera m'maiko atatu.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona, pakuti Leonardo anapimadi mitembo. M'nyengo yozizira ya 1507 kulowa 1508 anali pa chipatala cha Santa Maria Nuova ku Florence, akucheza ndi nkhalamba ina imene inamuuza kuti ili ndi zaka 100 ndipo sikumva kupweteka paliponse, koma kufooka basi. Patangopita maola ochepa nkhalambayo inatsirizika mwakachetechete ili pakama. Leonardo anang'amba thupilo kuti aone chimene chinabweretsa imfa yofatsa chotero, ndipo analemba kuti mitsempha ya magazi inali itakhuthala n'kuchepa njira, chiwindi chitauma. Madokotala a lero amaona zolembazi ngati zina mwa zoyambirira kulongosola matenda otseka mitsempha. Mu 1517 anauza mlendo wina kuti anali atang'amba mitembo yoposa 30. Ngakhale ali mnyamata, mu Disembala 1479, anaima pansi pa zenera pomwe anapachika Bernardo Baroncelli, mmodzi wa amene anapha Giuliano de' Medici m'tchalitchi chachikulu cha Florence, najambula mtembowo uli lendelende, n'kulemba pambali mtundu wa chipewa, malaya ndi masokosi ake. Munthu wa maso otere, ndani sangamufune pamalo a mlandu?

Komabe Leonardo wa m'mabuku ambiriwa sandikhutiritsa. Amadziwa zonse, salakwitsa, ndipo nkhani ikafika pothina amatulutsa makina atsopano n'kupulumuka. N'chifukwa chake alembi ambiri samulowa m'mutu. Amaika wophunzira kapena wantchito pambali pake kuti azingozizwa m'malo mwa wowerenga. Leonardo weniweni ankavutika kumaliza ntchito. Chithunzi cha anzeru a kum'mawa anachisiya chosatha pochoka ku Florence. Hatchi yaikulu ya mkuwa imene Ludovico anamutuma sinamalizidwe konse, ndipo mkuwa wake anautumiza kokapanga mizinga mu 1494. Malvaldi, amene anaphunzira sayansi ya mankhwala ku Pisa, ndiye anamumvetsa bwino. Buku lake la La misura dell'uomo likuchitika mu 1493: mtembo wopanda bala wapezeka pabwalo la nyumba ya Ludovico, anthu akuopa kuti ndi mliri, ndipo Leonardo akuupima mutu wake uli ku hatchi ija ndi ku ndalama zimene bwana wake akuchedwa kumulipira. Ameneyu ndi munthu, osati mfiti.

Mlandu weniweni wakale kwambiri pa yonse ya m'mabukuwa, umene mpaka lero sunathe, ndi umene Ennis anasankha mu The Malice of Fortune. Usiku wa pa 14 Juni 1497, Juan Borgia, mwana wapamtima wa Papa Alexander VI, anachoka ku mgonero kwa mayi ake n'kusiyana ndi mbale wake Cesare panjira. Patapita masiku awiri anamuvuula mu mtsinje wa Tiber, khosi litachekedwa, thupi lili ndi mabala asanu ndi anayi, koma ndalama zake 30 za golide zili m'thumba momwemo. Wogulitsa nkhuni wina amene ankagona m'bwato lake anati anaona anthu akuponya mtembo m'madzi. Atamufunsa chifukwa chimene sanakanene, anayankha kuti pamalo omwewo anaonapo mitembo pafupifupi 100 ikuponyedwa, ndipo palibe anabwerapo kudzafunsa. Posapita nthawi Papa anaimitsa kafukufuku.

Ennis anapatsa mlanduwu anthu awiri akuluakulu nthawi imodzi, Leonardo ndi Niccolò Machiavelli, ndipo apa mbiri inamuthandiza. Kumapeto kwa 1502 onse awiri analidi mumzinda wa Imola pafupi ndi Cesare Borgia: Machiavelli monga nthumwi ya Florence, Leonardo monga mmisiri wa malinga ndi zida, amene anajambula mapu a mzindawo omwe lero akusungidwa ku Windsor. M'bukumo Leonardo amayeza ndi kuwerengera, Machiavelli amasanthula mtima wa wakupha. Machiavelli weniweni anaona nkhanza ndi maso ake. Pa 31 Disembala 1502 Cesare ananyengerera akuluakulu a asilikali ake amene anamuukira kuti akumane ku Senigallia, ndipo usiku womwewo awiri mwa iwo, Vitellozzo Vitelli ndi Oliverotto da Fermo, anawapotokola makosi. Mu 1513 Machiavelli mwini anamangidwa pomuganizira chiwembu. Anamumanga manja kumbuyo, kumukweza ndi chingwe n'kumusiya kuti agwe, kasanu ndi kamodzi. Sanavomere kanthu, ndipo chaka chomwecho analemba The Prince.

Wonamiziridwa kwambiri ndi mlongo wa Juan ndi Cesare, Lucrezia Borgia. Palibe umboni woti anaphapo munthu ndi chiphe. Mbiri yoipayo anaikuza ndi adani a banja lake, kenako sewero la Victor Hugo la mu 1833. Roberta Gellis anachita chilungamo mu 2003 pomulembera Lucrezia Borgia and the Mother of Poisons, momwe ali ku Ferrara, kwa mwamuna wake wachitatu, akusaka wothira chiphe weniweni kuti ayeretse dzina lake.

Pa udindo palibe woposa Mfumukazi Elizabeth I ya ku England, imene inalamulira kuyambira 1558 mpaka 1603. Karen Harper wa ku Ohio anailembera mabuku asanu ndi anayi, kuyambira The Poyson Garden mu 1999 mpaka The Hooded Hawke mu 2007. M'mabukuwa mfumukazi imazemba usiku itavala ngati munthu wamba, n'kumakambirana za mlandu ndi kagulu kake kachinsinsi komwe muli nduna yake William Cecil, mlezi wake Kat Ashley, wazisudzo wina ndi mtsikana wodziwa zitsamba. Amawerengeka mokoma, koma ine sindiwakhulupirira. Mfumukazi inkagona, kudzuka ndi kuvala pamaso pa amayi oitumikira. Kuzemba osaonedwa kunali kosatheka. Chovuta china ndi chakuti wofufuza amene ali ndi mphamvu zomanga aliyense alibe chimene angaope. Buku limodzi lokha ndilo limayandikira moto weniweni: The Twylight Tower, lokhudza imfa ya Amy Robsart. Mayiyu anali mkazi wa Robert Dudley, mwamuna amene dziko lonse linkanong'ona kuti mfumukazi ikumukonda. Pa 8 Seputembala 1560 anamupeza pansi pa masitepe ku Cumnor Place, khosi litathyoka, atatumiza antchito onse ku msika. Lipoti la opima imfayo linadzapezeka mu 2008 m'nyumba yosungira zikalata za boma, ndipo limanena za mabala awiri a m'mutu, ngakhale linagamula kuti inali ngozi. Pa mlandu umenewu mfumukazi inali pakati pa oganiziridwa, ndipo m'pamene nkhani ya Harper imapeza mphamvu.

Mndandanda wautali kuposa wa Elizabeth uli ndi Christopher Marlowe, mwana wa wosoka nsapato wa ku Canterbury amene anadzakhala wolemba masewero wamkulu Shakespeare asanatchuke. M. J. Trow anamulembera mabuku 11 kuyambira Dark Entry mu 2011 mpaka The Reckoning mu 2020. Marlowe ndiyenso anafa ali wamng'ono pa onse, ali ndi zaka 29, ndipo anafera pa mpeni. Ukazitape wake si wongopeka. Mu 1587 Yunivesite ya Cambridge inkazengereza kumupatsa digiri yake yachiwiri chifukwa cha mphekesera zoti anapita kukalowa sukulu ya ansembe a Katolika ku Rheims, ndipo nduna za mfumukazi zinalemba kalata yoti apatsidwe chifukwa anatumikira dziko pa nkhani zimene sizinatchulidwe. Pa 30 Meyi 1593, ali pa belo, anakhala tsiku lonse m'nyumba ya Eleanor Bull ku Deptford ndi amuna atatu: Ingram Frizer, Nicholas Skeres, ndi Robert Poley amene anali kazitape wodziwika wa boma. Madzulo Frizer anamubaya pamwamba pa diso lakumanja. Atatuwo anati anakangana pa za ndalama zolipira chakudya ndipo Marlowe ndiye anayamba kusolola mpeni. Pasanathe mwezi umodzi Frizer anakhululukidwa. Chikalata cha zonsezi chinagona zaka zoposa 330 mpaka Leslie Hotson anachipeza mu 1925. Mboni zitatu, zonse za mbali imodzi, zonse zozolowera kunama pa ntchito yawo: mpaka lero anthu akukanganabe.

Shakespeare amalowa pa khomo lina. Ana ake amapasa anabatizidwa ku Stratford mu 1585, ndipo dzina lake limatulukiranso ku London mu 1592; pakatipa palibe chodziwika. Simon Hawke anaika mabuku anayi m'zaka zimenezi, kuyambira A Mystery of Errors mu 2000, ndipo Benet Brandreth anamutumiza ku Venice mu The Spy of Venice mu 2016.

Woyenera ntchitoyi kuposa onse, tikayang'ana maphunziro ake, ndi Francis Bacon, ndipo ndi yemweyo amene manja ake ali akuda kwambiri. Anna Castle anamuyamba mu 2014 ndi Murder by Misrule, momwe ali loya wachinyamata wa zaka 25 ku Gray's Inn mu 1586, amene amakhala m'chipinda n'kumaganiza pomwe wophunzira wake akuyenda m'misewu. Bacon anagwiradi mlandu wa chiphe: mu 1616, monga mkulu wa maloya a boma, anaimira boma pozenga Robert Carr ndi mkazi wake Frances Howard chifukwa cha imfa ya Thomas Overbury, amene anadyetsedwa chiphe ali m'ndende ya Tower of London mu 1613. Ndi Bacon yemweyo amene analemba kuti nzeru zizichokera pa kuona ndi kuyesa, osati pa kulemekeza mabuku akale. Koma analinso m'gulu la ofunsa mafunso pamene wansembe John Gerard ankazunzidwa mu 1597, anathandiza kuzenga mlandu bwenzi lake ndi womuthandiza, Earl wa Essex, amene anadulidwa mutu mu 1601, ndipo mu 1621 anachotsedwa pa mpando wa mkulu wa oweruza atavomera kulandira ziphuphu, n'kugamulidwa chindapusa cha mapaundi 40,000. Ndikanakonda kuwerenga buku limene lingamutenge Bacon wa zaka zimenezi.

Wofika kutali kwambiri ndi Fernando de Rojas, mlembi wa La Celestina, buku la Chisipanishi limene linasindikizidwa koyamba mu 1499. Luis García Jambrina, mphunzitsi pa Yunivesite ya Salamanca, anamusandutsa wofufuza mu 2008 mu El manuscrito de piedra, momwe ali wophunzira zamalamulo mumzinda womwewo mu 1497. Mu El manuscrito de aire, la mu 2019, akuwoloka nyanja ya Atlantic mu 1515 kupita ku chilumba cha Hispaniola kukafufuza za kuphedwa kwa mudzi wa anthu a mtundu wa Taíno. Rojas anali wa m'banja la Ayuda amene analowa Chikhristu, anthu amene bwalo la milandu la mpingo linkawalonda usana ndi usiku. Apongozi ake aamuna atazengedwa mlandu m'bwalolo mu 1525, anapempha kuti Rojas awaimire, ndipo oweruza anakana. Giulio Leoni wa ku Italy ndiye ali ndi wofufuza wa chaka choyambirira kwambiri, mlakatuli Dante, m'miyezi iwiri ya 1300 imene anali mmodzi wa olamulira Florence. Alinso ndi wamng'ono kwambiri, Pico della Mirandola, amene mu La regola delle ombre akufufuza mu 1482 ali ndi zaka 19. Pico anamwalira mu 1494 ali ndi zaka 31, ndipo mafupa ake atafukulidwa mu 2007 anapezeka ndi chiphe cha arsenic.

Koma amene ndimamuika pamwamba pa onse ndi Giordano Bruno, watsoka kuposa onse. Anabadwira ku Nola, pafupi ndi Naples, mu 1548, nalowa chipani cha ansembe a Dominiko. Mu 1576 anathawa m'nyumba ya ansembe atamutsegulira mlandu wa chiphunzitso chosokeretsa. China mwa zomuneneza chinali chakuti anabisa m'chimbudzi mabuku okhala ndi ndemanga zoletsedwa za Erasmus. Kuyambira pamenepo sanakhalenso ndi kwawo. Akatolika anamuchotsa mu mpingo, otsatira Calvin ku Geneva anamuletsa mgonero mu 1579, ndipo a Lutheran ku Helmstedt anamuchotsa mu 1589: mipingo itatu yodana inagwirizana pa munthu mmodzi. Ankaphunzitsa kuti thambo lilibe malire, kuti nyenyezi ndi madzuwa ena okhala ndi maiko awoawo, ndipo buku lake lonena zimenezi linasindikizidwa ku London mu 1584.

S. J. Parris, dzina lolembera la mtolankhani wa ku Britain Stephanie Merritt, wamulembera nthano zazitali zisanu ndi ziwiri, kuyambira Heresy mu 2010 mpaka Alchemy mu 2023. Maziko ake ndi olimba. Kuyambira 1583 mpaka 1585 Bruno ankakhala m'nyumba ya kazembe wa France ku London, Michel de Castelnau. M'zaka zomwezo munthu wina wa m'nyumbayo, wosaina dzina lakuti Henry Fagot, ankatumiza zinsinsi kwa Francis Walsingham, mkulu wa akazitape a Elizabeth, ndipo zinathandiza kuulula chiwembu chimene chinaphetsa Francis Throckmorton mu 1584. Mu 1991 katswiri wa mbiri yakale John Bossy analemba buku lonena kuti Fagot anali Bruno. Akatswiri ena ambiri sanavomereze, koma kwa wolemba nthano mpata unali utatseguka. Heresy ikuchitikira ku Oxford mu 1583, komwe Bruno anapitadi n'kukatsutsana ndi John Underhill, mkulu wa Lincoln College. Parris anangowonjezerapo aphunzitsi ophedwa motsanzira imfa za ofera chikhulupiriro akale.

Chimene chimapatsa mabukuwa kulemera ndi chakuti Bruno akapeza choonadi, sichimusangalatsa. Iye anathawa ozunza anthu chifukwa cha chikhulupiriro, koma ku England akugwirira ntchito boma limene likusaka Akatolika opemphera mobisa, ndipo akudziwa bwino lomwe chimene chidzachitikire aliyense amene angamutchule dzina. Ndi mlendo, wosauka, wonyozedwa chifukwa cha kalankhulidwe kake, wodalira chifundo cha mabwana amene angamutaye mawa. Leonardo wa m'nthano ali ndi makina omupulumutsa, Elizabeth ali ndi asilikali. Bruno ali ndi mutu wake wokha ndi luso lokumbukira zinthu limene anatchuka nalo mpaka kwa mfumu Henri III ya ku France. Ndipo wowerenga akudziwa kumene msewu ukupita. Alchemy ikuchitikira ku Prague mu 1588, kwa mfumu Rudolf II. Patangopita zaka zinayi, mu Meyi 1592, Giovanni Mocenigo wa ku Venice, amene anamuitana kuti adzamuphunzitse, anamupereka kwa oweruza a mpingo. Anakhala m'ndende pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu, nakana kusintha maganizo ake. Pa 17 Febuluwale 1600 anamutentha wamoyo pa msika wa Campo de' Fiori ku Roma, atamumanga lilime kuti asalankhule kwa anthu. Pamalopo anaimikapo chiboliboli chake mu 1889. Nthawi iliyonse akapulumuka kumapeto kwa buku, ine mtima umandiwawa m'malo mokondwa.

Ulemu waukulu pa zolembalemba unapita kwa mlembi amene anasiya Italy ndi England n'kuika nkhani yake ku Istanbul ya mu 1591. Mu My Name Is Red, la mu 1998, Orhan Pamuk anatenga Osman, mkulu weniweni wa ojambula zithunzi za m'mabuku a Sultan Murad III, kuti azindikire wakupha poyang'ana mmene anajambulira mphuno za hatchi. Pamuk analandira mphotho ya Nobel mu 2006.

Lopangidwa mwaluso kwambiri pa atsopano ndi Perspective(s), la Laurent Binet wa ku France, la mu 2023. Lonse ndi makalata 176 amene anthu a m'nkhaniyo akulemberana, aliyense akubisa zake. Ndi mu Januwale 1557 ku Florence. Wojambula wokalamba Jacopo Pontormo wapezeka atafa m'tchalitchi cha San Lorenzo, pansi pa zithunzi zimene wakhala akujambula pakhoma kwa zaka 11 osalola munthu kuziona. Pontormo anamwaliradi masiku amenewo, zithunzizo anazimaliza ndi wophunzira wake Bronzino, ndipo zinadzafafanizidwa m'zaka za m'ma 1700. Binet anangosandutsa imfayo kukhala ya chiwembu. Wolamulira mzindawo, Cosimo de' Medici, akupereka mlandu kwa Giorgio Vasari, ndipo Vasari akupempha nzeru kwa Michelangelo amene ali ku Roma akumanga tchalitchi cha Petulo Woyera ali ndi zaka 81. Ameneyu ndi mmodzi mwa achikulire kwambiri amene anathandizapo pa kafukufuku m'mabuku a mtundu uwu amene ndatchula.

Kusankha Vasari kunali kwanzeru, chifukwa palibe wina ankadziwa ojambula a ku Florence monga iye. Buku lake la mbiri za ojambula, losindikizidwa mu 1550 ndi kukonzedwanso mu 1568, ndilo gwero la zambiri zimene tikudziwa za iwo. Ankadziwa amene ali ndi ngongole, amene ali ndi nsanje, amene dzanja lake linagwira burashi pa chithunzi chakutichakuti. Koma pa ofufuza onsewa, Vasari ndiye anasenzetsa munthu wosalakwa mlandu wakupha. M'buku lomwelo analemba kuti wojambula Andrea del Castagno, chifukwa cha nsanje, anabisalira mnzake Domenico Veneziano usiku pa msewu, kumumenya ndi zitsulo mpaka kumupha, n'kudzaulula tchimolo ali pafupi kufa. Anthu anakhulupirira, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 dzina la Castagno linkayenda limodzi ndi magazi, zithunzi zake n'kumaonedwa ngati ntchito za chigawenga. M'zaka za m'ma 1800 katswiri wa zikalata zakale Gaetano Milanesi anatsegula mabuku a maliro a ku Florence. Castagno anamwalira ndi mliri mu Ogasiti 1457. Domenico Veneziano, amene ankati anaphedwa ndi iye, anakhalabe ndi moyo mpaka mu Meyi 1461.